Galimoto ya Pachulu

Galimoto yanga idalibe sitata. Pamene ndinkaigula kwa munthu wina wogulitsa nsomba ku boma sitatayo idalipo, koma idafa patangopita zaka ziwiri, ndipo ine sindidaone chifukwa choikonzetsera. Pikapu imeneyo inkagona pachulu kuseri kwa chigayo changa, mphuno italoza kumsewu, mwala uli patayala. Ukafuna kunyamuka unkachotsa mwalawo, anthu awiri kapena atatu n'kukankha, iwe n'kuponya giya yachiwiri. Inkatsokomola kawiri, kenako n'kulira. Kwathu kuno ku Mwadzama pafupifupi munthu wamkulu aliyense adaikankhapo, ndipo ngati alipo amene sadaikankhe ndiye kuti pakhomo pake sipadadwale munthu.

Ndidaigula kuti izinyamula mpunga. Masiku amenewo ndinkagula mpunga kwa alimi a kudambo, kuupuntha pachigayo, n'kukaugulitsa ku Lilongwe. Koma galimoto ikakhala imodzi m'mudzi wonse siikhala yako. Mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, anthu ankathamangira kwa ine. Munthu akalumidwa ndi njoka kumunda, kwa ine. Wina akamwalira kuchipatala cha ku boma, kwa ine. Anzathu Achisilamu ndiwo ankafika ali wefuwefu kuposa onse, popeza iwo maliro sagoneka. Ndinkadandaula, ndinkalalata za mafuta ndi matayala, kenako ndinkavula malaya a gaga n'kunena kuti, "Chotsani mwalawo."

Chaka china ndidapita ndi mpunga ku Lilongwe n'kupeza mitengo yagwa. Ndidati ndidikire tsiku limodzi. Tsiku limodzilo lidakhala masiku atatu, ine ndili pamsika kukangana ndi ogula, galimoto itaima pamthunzi. Tsiku lachitatulo, dzuwa lili paliwombo, akazi anga adagwa akuchokera kudambo. Anthu adawakweza pangolo ya ng'ombe mpaka kumsewu wa tala, n'kuyamba kuimitsa maminibasi. Ina idali yodzaza, ina idangoona munthu atagona n'kudutsa. Pamene idapezeka lole yowatenga, adali atatsala mpweya wochepa, ndipo ku boma sadafikeko amoyo. Galimoto imene idanyamula akazi a anthu onse, anga sidawanyamule. Chinthu chimenechi chimandipweteka mpaka lero, ndipo sindifuna munthu wondiuza kuti lidali tsiku lawo. Kuyambira pamenepo mpunga wanga ndinkaugulitsira pakhomo, ndipo pikapu sidagonenso kunja kwa mudzi.

Zaka zidapita, maso anga adayamba kuchita ng'ala. Poyamba ndinkanamizira fumbi la pagalasi, n'kumapukuta ndi chipewa. Tsiku lina pa Benga ndidangomva mayi akukuwa pafupi penipeni ndi chitseko changa. Adali pakabaza, beseni la usipa lili pamiyendo, ndipo njingayo sindidaione konse. Usipa udamwazika pamsewu, koma munthu sadavulale. Wakabaza adanditukwana zotukwana zonse zimene ankadziwa, ine ndidangozyolika, chifukwa ankanena zoona. Nditafika kunyumba ndidaimika galimoto pachulu, n'kuika mwala, n'kudziuza kuti chiwongolero ndasiyana nacho.

Nkhani ya chinthu chopanda mwini imayenda msanga. Sabata isanathe, mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ya zowerengera chuma mu ofesi ina ku Lilongwe, adandiimbira foni.

"Bambo, galimotoyo musaigulitse, simupezapo kanthu," adatero. "Iperekeni ku bungwe lothandiza anthu, koma likhale lovomerezeka, lokhala ndi mapepala. Akakulemberani kalata yoti mwapereka, msonkho wa chigayo ukhoza kutsikako. Mukhala mwathandiza anthu, inunso mwapepukidwa."

Mwana ameneyu ndidamuphunzitsa ndine, ndipo akamalankhula za misonkho ndimakhala chete ngati ndili m'kalasi. Msonkho ndimadana nawo monga munthu aliyense wa chigayo. Ndidavomera kuti anthu akewo abwere adzaione.

Adabwera Lachinayi m'mawa pa galimoto yoyera, yotseka magalasi, amuna awiri ovala malaya ofanana. Wamkulu wawo adali munthu waulemu, sindinganame. Adazungulira pikapu yanga, n'kumenya tayala ndi nsapato, n'kusuzumira pansi. Mnzake adali atatambasula kale chinsalu cholembedwa dzina la bungwe lawo, choti tigwire tonse pojambulitsa.

"Ndiye idzayamba liti kunyamula odwala?" ndidafunsa.

Wamkuluyo adamwetulira. "Bambo, kunena zoona, galimoto ngati iyi sitingaiyendetse. Tiikoka kupita nayo ku Lilongwe, tikaigulitse kwa anthu a zitsulo. Injini payokha, matayala paokha. Zimene tipezepo zikathandiza pa ntchito zathu."

"Ntchito zake ziti?"

"Zambiri. Misonkhano yophunzitsa anthu za umoyo, maulendo oyendera madera..."

"Mayi akamabereka pamsewu, msonkhanowo udzabwera kudzamunyamula?"

Adayamba kufotokoza, ndipo mwina zimene ankanenazo zidali zanzeru, koma ine m'makutu mwanga mudangotsala mawu awiri, Lilongwe ndi zitsulo. Mtima wanga udapsa. Ndidauza wachinsalu uja kuti apinde nsalu yake isadetsedwe ndi gaga. Ndidawapatsa mpunga pang'ono wa pa ulendo, chifukwa mlendo sabwerera chimanjamanja, n'kuwaperekeza mpaka pagalimoto yawo yoyerayo.

Madzulo ake mwana wanga adaimba atakwiya. Adati ndamuchititsa manyazi kwa anthu amene adawapempha yekha. Ndidamuuza kuti manyazi amatha, koma iye sadaseke.

Vuto lalikulu lidali pafupi, m'mudzi momwemo. Kwathu kuno munthu ndi wa kwa amayi ake, ndipo ana a mlongo wako amakuyang'ana iwe malume ngati nkhokwe yawo. Mlongo wanga wamkulu ali ndi mwana wamwamuna, bambo wa ana anayi, amene adayesapo usodzi, adayesapo fodya, adayesapo kugulitsa kaunjika, zonse n'kumutaya panjira. Iyeyu adali atawerengera kale pikapu ija. Ankafuna kuikonzetsa kuti izichita matola pakati pa boma ndi Dwangwa, ndipo ndidamva kuti adali atauza kale anzake dzina limene adzalembe kumbuyo kwake.

Lamlungu masana adandiitanira pakhomo pa mlongo wanga. Ndidapeza mbumba yonse itakhala pansi pa mtengo wa mango, ine atandiikira mpando pakati ngati wopalamula. Mlongo wanga ndiye adayamba.

"Achimwene, tamva kuti mukufuna kutaya galimoto kwa anthu akunja. Ife abale anu talakwanji? Mwanayu akuvutika inu mukuona. Chinthu cha malume chimatsala m'mbumba, simukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa, achemwali," ndidayankha. "Chimatsala malumewo akafa. Kodi ine ndafa?"

Ena adaseka, koma mwana wa mlongo wanga sadaseke. "Malume, inu simuonanso," adatero. "Galimoto ingowola pachulu. Ine ndiziyendetsa, odwala ndiziwanyamulanso."

"Uziwanyamula uli ku Dwangwa?"

"Aziimba foni."

"Akazi anga pamene ankagwa akuchokera kudambo, ukuganiza kuti mafoni kudalibe?"

Pamenepo ndidawauza kuti galimoto ndaganiza zoipereka kwa amayi a komiti yoyang'anira odwala. Amayi amenewa ndi a m'mudzi momwemo, ena Achikhristu ena Achisilamu, ndipo ndiwo amene amasambitsa okalamba osowa owasamala, kuperekeza oyembekezera kuchipatala, ndi kutunga madzi pamaliro. Alibe ofesi, alibe chidindo, amakumana pakhonde pa wapampando wawo. Kwa zaka zonsezo ndiwo ankagogoda pachigayo panga, ndipo ndiwonso adaikankha galimotoyo koposa amuna onse.

Mlongo wanga adaimirira, n'kumanganso chitenje chake. Ndi munthu wamkulu kwa ine, adandibereka kumsana, ndipo mawu ake amalemera.

"Chabwino, achimwene. Perekani. Koma chibale ndi fupa. Tsiku lanu likadzafika, tidzaona amene adzakunyamuleni."

Mawu amenewo adandilasa, sindibisa. Kwathu munthu saopa kufa, amaopa kufa mbumba itamufulatira. Koma ndidati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndidanyamula chipewa changa n'kutsazika mwaulemu, ndipo palibe amene adandiperekeza.

M'mawa mwake ndidaitana amayi aja kuchigayo. Wapampando wawo ndi mayi wina Wachisilamu wowamba nsomba, wamfupi, wosakonda kuseka, amene ngakhale amuna akamakangana pamaliro iye akangotsokomola amakhala chete. Adabwera ndi anzake asanu, komanso bambo wina amene adapuma pa ntchito yoyendetsa mathirakitala ku minda ya nzimbe, yemwe adavomera kukhala dalaivala wawo. Ndidaima pafupi ndi chulu ngati mphunzitsi, n'kuyamba kuika malamulo.

"Galimoto iyi ndi ya odwala ndi maliro basi. Ukwati ayi. Mpira ayi. Misonkhano ya ndale ayi. Katundu wa malonda ayi. Ndipo isagone kunja kwa mudzi uno. Wina aliyense akabwera ndi nkhani zina, kaya ndi wolemera, kaya ndi mbale wanu, mum'kanize."

Wapampandoyo adandiyang'ana. "Ngakhale inuyo, bambo?"

"Ngakhale ine," ndidatero, chifuwa chili patsogolo.

"Amayi, mwamva nonse?"

"Tamva," adayankha.

Wapampando adalandira kiyi ndi manja awiri, n'kuimanga pa ngodya ya chitenje chake. Adapempha kuti galimoto izigonabe pachulu pomwepo, popeza chulu china chotsetsereka bwino chotero m'mudzimo mulibe. Sitidajambulitse. Mmodzi adayamba nthungululu, enawo n'kumuletsa kuti anthu angayese kuti pali ukwati.

Mwana wanga wa ku Lilongwe adayesabe kupulumutsa kanthu. Adati amayiwo alembe kalata yoti alandira galimoto. Adalemba pa pepala la m'kope, ena n'kusayina, ena n'kudinda chala. Nditamutumizira chithunzi chake adapuma mozama pafoni.

"Bambo, ichi sichigwira ntchito. Gululi silidalembetsedwe kulikonse. Msonkho mupereka wonse."

"Ndipereka."

"Ndiye mwapindulapo chiyani?"

Nthawi itakwana ndidakwera minibasi, ndidakaima pamzere monga chaka chilichonse, n'kupereka wonse osachotsapo kalikonse. Zidandiwawa, koma ndidatuluka mu ofesimo khosi lili chilili. Pepala la zidindo za zala lija ndidalisunga m'Baibulo la akazi anga.

Miyezi idapita. Ndinkamva pikapu ikutsokomola kuseri kwa chigayo, amayi akufuula kuti "Tiyeni! Tiyeni!", ndipo ndinkadziwa kuti kwinakwake kwavuta koma thandizo lanyamuka. Mlongo wanga adasiya kubwera kuchigayo changa, chimanga chake ankakagayitsa ku Benga, mtunda wonsewo. Mwana wake tikakumana panjira ankandipatsa moni wa pakhosi, maso ali kumbali.

Kenako idafika nyengo yokolola mpunga, ndipo ndidachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi. Munthu wina wa ku Dwangwa adandiimbira kuti akufuna mpunga wopuntha wambiri, pa mtengo umene sindidaumvepo chaka chimenecho, koma ufike tsiku lomwelo chifukwa lole yake ikunyamuka. Ndidayang'ana matumba, ndidayang'ana pachulu. M'mudzi mudalibe wodwala amene ndinkamudziwa. Dalaivala adali pakhomo pake akusoka ukonde. Ndidavala malaya abwino n'kupita kwa wapampando, ndidamupeza akutembenuza nsomba pa waya, utsi uli m'maso.

"Mayi, ndibwerekeni galimoto lero lokha. Mafuta ndithira ndekha, ndidzazitsa thanki. Dzuwa lisanalowe ikhala itabwera."

Sadasiye n'komwe kutembenuza nsomba zake. "Mukudwala, bambo?"

"Ayi, ndi mpunga."

"Mpunga ukudwala?"

"Mayi, musandiseweretse. Galimoto imeneyo ndi..."

"Ndi ya yani?" adafunsa, tsopano akundiyang'ana. "Munanena nokha pamaso pa amayi asanu. Ndinakufunsani kuti ngakhale inuyo, munati ngakhale ine. Ndikakupatsani lero, mawa abwera wa ukwati, ndidzamuuza chiyani?"

Ndidalalata. Ndidamukumbutsa amene adagula galimotoyo, ndidamukumbutsa msonkho umene ndidapereka, abale amene ndidadana nawo. Ndidanena kuti anthu osayamika ngati iwo sindidawaonepo. Iye adangomvetsera, kenako n'kunditambasulira nsomba imodzi yowamba kuti ndikadyere kunyumba. Ndidaikana. Ndidabwerera kuchigayo ndikuyankhula ndekha panjira, ndidaimbira wa ku Dwangwa uja kuti agule kwina, n'kukhala pathumba la mpunga nditatupa ngati finye.

Ndidakali pomwepo, dzuwa litangopendeka pang'ono, ndidamva mapazi a munthu wothamanga. Maso angawa sadamuzindikire mpaka atafika pakhomo. Adali mwana wa mlongo wanga, wopanda nsapato, thukuta lili kamukamu.

"Malume! Amayi agwa! Pakamwa papotoka, sakuyankhula. Kiyi, malume, kiyi!"

Chimene chidabwera m'mutu mwanga sichidali mlongo wanga ayi, udali msewu wa ku Dwangwa, ndi pomwe galimotoyo ikadakhala nthawi imeneyo mayi uja akadandimvera. Ikadakhala kutali, itadzaza mpunga wanga, kachiwiri.

"Ine ndilibe galimoto," ndidatero. "Thamangira kwa wapampando."

Adandiyang'ana ngati akufuna kundimenya, kenako adatembenuka n'kuthamanga. Sipadatenge nthawi. Wapampando adafika akumasula ngodya ya chitenje, dalaivala ali pambuyo pake, amayi ena awiri atanyamula mphasa ndi bulangete. Mayiyo sadafunse kuti wodwalayo ndi wa banja liti, ngakhale ankadziwa bwino zimene banja limenelo lidanena za iye. Dalaivala adalowa, wina adachotsa mwala.

"Kankhani!" adalamula wapampando.

Mwana wa mlongo wanga adaika phewa kumbuyo kwa galimoto imene ankati ndi yake. Ine ndidaika manja pambali pake. Tidakankha tonse, iye akulira, ine ndikupempha chitsulo chakalecho mumtima kuti chisatichititse manyazi lero. Idatsokomola kamodzi. Idatsokomola kachiwiri. Idalira.

Mlongo wanga tidamugoneka pamphasa kumbuyo, ine ndidakhala pansi n'kuika mutu wake pamiyendo panga. Zaka zonse zimene ndidakhala ndi galimotoyo ndidali ndisanakwerepo kumbuyo, ndipo sindinkadziwa kuti kumagwedeza chotero. Ndidaganiza za anthu onse amene ndinkawathamangitsa m'mabampu ndili phee kutsogolo. Mlongo wanga ankandiyang'ana ndi diso limodzi, dzanja lake lamoyo litagwira malaya anga abwino aja, amene ndidavalira kukapempha galimoto ya mpunga. Tidafika ku boma akupuma.

Adakhala m'chipatala masabata awiri, ndipo adabwerera pa galimoto yomweyo. Lero amayenda ndi ndodo, mawu ake amatuluka movutikira, koma ali moyo ndipo amandidziwa. Ndimapita kukamuona Lamlungu lililonse. Za galimoto sitikambirana. Mawu ake a pansi pa mango sadawabweze, ndipo ine sindidamupemphe kuti awabweze.

Kwa wapampando ndidapitako ndekha patapita masiku atatu chigwere mlongo wanga. Ndidaima pafupi ndi waya wake wa nsomba kuti ndipepese. Iye adangotenga nsomba imodzi n'kunditambasulira, ndipo ulendo uno ndidailandira ndi manja awiri.

Musaganize kuti zonse zidatha bwino. Mwana wa mlongo wanga mpaka lero amauza anthu kumowa kuti malume ake adam'mana chuma n'kupatsa akazi a eni. Mwana wanga wa ku Lilongwe chaka chilichonse, nyengo ya msonkho ikafika, amandikumbutsa kuti ndikadamumvera. Ena m'mbumba amati ukalamba wandizunguza mutu. Anene. Akadandibwezera tsiku lija pansi pa mango, ndikadanenanso zomwezo, mwina mokweza kuposa pamenepo.

Funso lawo lija, loti adzandinyamule ndani, ndidaleka kuliopa. M'mawa uliwonse ndisanatsegule chigayo ndimazungulira kuseri. Maso saonanso bwino, choncho ndimapapasa ndi dzanja: chitsulo chozizira chilipo, mphuno yaloza kumsewu, mwala uli patayala. Tsiku langa likadzafika, a mbumba asadzavutike ndi mapewa awo. Adzangochotsa mwalawo, ndipo ngati kukankha kudzawakanika, amayi alipo.